MBIRI YA OSAMALA MITSINJE KU MULANJE: ANAKANA CHIYANI, ANAVOMERA CHIYANI?

Lero nkhani yathu yatuluka m'bwato, yakwera kumtunda. Tikupita ku Chonde m'boma la Mulanje, kuja a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana chaka ndi chaka. Ndiyotalikirapo, koma werengani mpaka kumapeto, chifukwa ikukhudza ukonde wa bambo anu ndi wa bambo anga.

Ukaima pa Chonde n'kuyang'ana kum'mawa, chomwe umaona ndi phiri. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Phiri limeneli ndi mtsuko wa madzi. M'menemo mumachokera Likhubula, Lichenya, Ruo, Phalombe ndi Thuchila, yemwe amatsikira cha ku Chonde ndi Luchenza n'kukathira mu Ruo. Ruo amakakumana ndi Shire ku Chiromo, pomwe Phalombe amapita ku nyanja ya Chilwa kwa anzathu a matemba. Funso langa ndi ili: pa zaka 100 zapitazi, ndani wakhala akusamala mtsukowu, ndipo zinayenda liti, zinakanika liti?

Tiyambe ndi atsamunda. Mu 1927 boma lawo linalengeza kuti phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa. Nthawi imeneyo nthaka yabwino ya m'munsi mwa phiri inali itatengedwa kale ndi maesiteti a tiyi. Alomwe ambiri, omwe ankabwera kuchokera ku Mozambique, anafikira pa thangata, kugwira ntchito pa esiteti ngati lendi ya malo okhala. Anthu a m'midzi anapanikizana pa malo ochepa, nthaka n'kuyamba kutopa ndi kukokoloka.

Nkhondo yachiwiri itatha, boma linabwera ndi malamulo omwe agogo athu ankangowatchula kuti malimidwe. Aliyense ankakakamizidwa kuunda mizere yopingasa potsetsereka, kukumba milambala, ndi kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje. Wokana amalipitsidwa chindapusa, ena kutsekeredwa, ena kuzuliridwa mbewu. Tinene zoona, nzeru yakeyo sinali yoipa. Mzere wopingasa umagwiradi madzi. Koma munthu womulanda malo, mawa n'kumubwerera ndi mesenjala kudzamuphunzitsa kusamala kachigunda komwe wam'siyira, angamve? Malimidwe anadedwa koopsa, anali m'gulu la zinthu zomwe zinakwiyitsa anthu pa zipolowe za mu 1953 kuchigawo cha kummwera, ndipo a Congress anapezerapo otsatira ambiri m'midzi. Ufulu utayandikira, anthu ochuluka anangoisiya milambala ija.

Tsono onani zomwe zinachitika patangopita zaka zochepa. Mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba anayesa kukoka madzi a m'phiri ndi mapaipi, opanda injini, madzi kungotsika okha. Zitatheka, ntchito inafika ku Chambe ku Mulanje, kenako n'kufalikira m'zigwa zozungulira phiri m'zaka za m'ma 1970. Boma limapereka mapaipi ndi amisiri, koma ngalande amakumba ndi eni mudzi, ndi makasu awo, osalipidwa. Mudzi uliwonse umapatsidwa chigawo chake, mpopi uliwonse n'kukhala ndi komiti yake. Anthu omwewo amene anakana khasu la milambala anakumba ngalande za makilomita ambirimbiri. Chinasintha n'chiyani? Madziwo anali awo. Mayi amaona ndi maso ake kuti ulendo wa kudambo watha.

Komabe mpopi umadalira mitengo ya kumtunda. Mvula ikagwa m'nkhalango, masamba ndi mizu zimaichedwetsa, imalowa pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Ikagwa pa phiri lometedwa imathamanga tsiku limodzi, itanyamula dothi ndi miyala, ikafika Okutobala mtsinje uli gwa. Mu Malichi 1991 napolo anatsika phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma omwe analira kwambiri. Mvula yotero palibe nkhalango yomwe ingaiimitse yonse, komabe phiri lovala ndi phiri lamaliseche sizitsitsa madzi mofanana.

Lamulo la nkhalango la 1997 linatsegula khomo lina: linavomereza makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, ndi nkhalango za mudzi zomwe mfumu ndi anthu ake amaziikira malamulo awoawo. Mu 2000 UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika a zachilengedwe, ndipo m'zaka zomwezo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust linayamba ntchito. Koma macheka ndi makala sizinaime. Mkungudza wa Mulanje, womwe Kamuzu anaulengeza kuti ndi mtengo wa fuko mu 1984, unadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anangopeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Aise, 7 basi, phiri lonse lija.

Amene akuubweza ndani? Ndi magulu a m'midzi yozungulira phiri, omwe amafesa mbande m'manazale, kuzigulitsa ku pulojekiti, ena n'kuzisenza pamutu kukwera nazo kukadzala, ena kulambula njira zotchinga moto. Ku Bondo, mtsinje wa Lichenya umapukusa makina a magetsi omwe amaunikira midzi, ndipo munthu wa kumeneko safuna kuuzidwa kawiri kuti mtsinje ukaphwa nayenso agona mumdima. Anthu a Mulanje anakanganaponso ndi boma pa ntchito yotenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Blantyre, funso lawo lili lomwelo: ife osamala gwero tipindula chiyani?

Mwina wina akuti, madzi a ku Chonde safika m'nyanja yathu, ndiye zikutikhudza pati? Zoonadi safika. Koma ife tili ndi Linthipe, Bua, Dwangwa ndi ina, yomwe m'dzinja imalowa m'nyanja ili psuu ndi dothi la kumtunda. Mpasa imakwera mitsinje imeneyi kukaswana pa timiyala toyera, ndipo matope akakwirira timiyalato mazira amafa. Mbiri yathunso ndi yofanana ndi ya ku Mulanje. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, lamulo la mfumu Makanjira lotseka usodzi m'nyengo ya mvula lagwira ntchito kuyambira m'ma 1950, chifukwa eni ake amaona nsomba zikuchuluka potsegula. Makomiti a m'madoko, omwe anayambira ku Malombe mu 1993, amalimba komwe asodzi akuwaona ngati awo, ndipo amagona komwe amangodikira alawansi ya semina.

Ndiye tikamamva kuti kwabwera pulojekiti yodzala mitengo kapena vetiva m'mbali mwa mtsinje wa kwanuko, tisangothamangira tisheti. Tifunse pamsonkhano pomwepo: nkhalangoyi ikakula ndi ya yani? Malamulo alemba ndani? Wogwidwa akudula aweruzidwa kuti? Mayankho akakhala omveka, tengani khasu. Mupatsirekonso anzanu a kumtunda, makamaka omwe amatigulitsa nkhuni zowambira nsomba, chifukwa mitengo imeneyo timaimaliza limodzi.