Ulalo wa Makolo ndi Milatho ya Masiku Ano m'Dziko la Mwanza

Munthu amene anyamuka ku Blantyre m'mawa pa minibasi, nawoloka Shire pa Zalewa, nakhotera kumanzere kutsata msewu wa M6 umene ukwera pang'onopang'ono kufikira pa boma la Mwanza ndi kupitirira mpaka ku chipata cha malire a Mozambique, amawoloka Lisungwi ndi Wamkulumadzi ali chikhalire pampando, mwinanso akuwodzera, osadziwa n'komwe kuti pansi pa matayala papita mitsinje imene masiku amakedzana, mvula ikagwa kumapiri a Neno, inkagoneka amuna amphamvu patsidya masiku awiri kapena atatu, akuyang'ana madzi ofiira akukokolola mitengo, kufikira ukali wake utaphwa. Sindinena izi pofuna kudzudzula wapaulendoyo. Ndizinena chifukwa alipo munthu wina m'dziko lino amene sangathe kuiwala mtsinje ngakhale tsiku limodzi la dzinja, ndiye woyenda pansi, amene njira zonse za kuno zinayamba ndi mapazi ake, koma amene pogawa chitsulo ndi simenti wakhala akukumbukiridwa pomalizira.

Makolo athu, angakhale analibe mainjiniya kapena mapepala ojambulapo, sanali anthu ongokhala manja lende pamaso pa madzi. M'chilimwe ankawolokera pa dooko, pamene mtsinje utambasuka nuchepa mphamvu, ndipo mwana aliyense wa m'mudzi ankadziwa mwala woterera ndi dziwe lokhala ng'ona. Koma mitambo ikayamba kusonkhana, masamba a mitengo atayamba kuphuka, nyakwawa inkatuma mnyamata kukamema amuna kuti mawa kuli ntchito ya ulalo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Malo sankasankhidwa mwachisawawa. Akuluakulu ankayenda m'mbali mwa mtsinje akuyang'ana m'nthambi za mikuyu, kufunafuna zinyalala ndi udzu wouma umene chigumula cha chaka chatha chinasiya chitakola m'mwamba, ndipo pamene paonekera chizindikirocho ankati ulalo upite pamwamba pake, popeza madzi saiwala khwawa. Pakakhala mtengo wautali woima pagombe penipeni, ankautema mochenjera mbali ya kumadzi kuti ugwe chopingasa, nsonga yake ikatsamire tsidya linalo. Pakapanda mtengo wotere, ankazika mphanda za muwanga kapena tsanya, mitengo imene chiswe chimaiopa, nagoneka mitanda pamwamba, nayala nsungwi, namanga zonse ndi luzi la mombo lonyika m'madzi ndi zingwe za chilambe. Pomaliza ankamangirira nsungwi imodzi yaitali chapachiuno, yoti nkhalamba ndi mayi wobereka mwana agwirepo, ndipo mwana wowoloka koyamba ankauzidwa kuti asayang'ane madzi othamanga pansi, angachite chizungulire, koma ayang'anitse tsidya limene akupita. Mtengo wake wa ntchito yonseyi unali thukuta la tsiku limodzi kapena awiri, nkhwangwa zobuntha, ndi mitsuko ya thobwa kapena mowa umene amayi anafulula. Ndipo popeza aliyense anaona ndi maso ake chimene chinalowapo, panalibe wonong'oneza mnzake kuti wadyapo.

Luso limeneli silinafe konse m'Malawi. Ku Kandewe, m'boma la Rumphi, ulipo ulalo wa nsungwi wolenjekeka pamwamba pa mtsinje wa South Rukuru, wolukidwa ngati dengu lalitali, umene eni dziko amati unamangidwa koyamba mu 1904, ndipo ulipobe chifukwa mbadwo uliwonse wakhala ukuchotsa nsungwi zofumbwa ndi kuikapo zatsopano. Alendo amachokera kutali kukaujambula, ndipo kukongola kwake sikunachokere kwa munthu wofuna kutchuka, koma kwa manja odziwa kuti nsungwi imapindika mpaka pati isanathyoke.

Azungu atafika, mitsinje yomweyi inawaonetsa msana wa njira. Mu 1863 David Livingstone anayesa kulambula msewu m'mbali mwa mathithi a Shire, m'chigawo chimene Wamkulumadzi athira madzi ake, kuti anyamulirepo zidutswa za sitima yake yotchedwa Lady Nyassa kupita nazo kumtunda. Koma njala, matenda ndi kalata yomuitana kwawo zinaimitsa ntchitoyo. Amene anadza pambuyo pake anasenzetsa katundu wawo pamitu ya anthu a mtengatenga, iwo eni atagona m'machila, kotero kuti kwa zaka zambiri mlatho weniweni wa boma la atsamunda unali mapewa a makolo athu. Ndipo msonkho wa nyumba utakhwima, amuna a dziko la Nyasaland nayamba kutuluka miyandamiyanda kukafuna ndalama ku minda ndi migodi ya Southern Rhodesia ndi South Africa, njira ya ku Mwanza inakhala imodzi mwa njira zawo zazikulu: pa Zobue, pa Tete, pa Mutoko, mpaka ku Harare, mphasa kumsana, kathumba ka ufa ndi kampoto m'manja, kugona m'tchire moyang'anizana ndi mikango, ndipo pofika pa Zambezi kudikira bwato kapena pantuni. Ena anabwera ndi njinga ndi masutikesi, ena anasanduka matchona, ndipo ena manda awo sadziwika.

Taonani tsono chimene chinamangidwa pa Zambezi m'masiku omwewo. Kumunsi kutali, pakati pa Sena ndi Mutarara, mlatho wa njanji wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935, wautali makilomita oposa atatu ndi theka, umodzi mwa milatho yaitali koposa ya njanji pa dziko lonse m'nthawi yake, ndipo unadya ndalama zoposa mapaundi 1,400,000. Munthu akakumbukira kuti msonkho wa nyumba imodzi unali mashilingi 6 pachaka, adzapeza kuti ndalama zimenezo zinali zolingana ndi msonkho wa nyumba zoposa mamiliyoni anayi, pamene anthu onse a m'Nyasaland, pamodzi ndi makanda omwe, sanali kufika mamiliyoni awiri; ndipo ngongole za njanji ya ku Beira ndi mlatho wake zinalemetsa chuma cha dziko losaukali zaka zambiri. Unamangidwira tiyi, fodya ndi thonje kuti zifike msanga ku nyanja yamchere. Kunena zoona, omangawo anaikako kanjira ka oyenda pansi m'mbali mwa njanji, ndipo anthu a tsidya ndi tsidya akhala akukayamikira kufikira lero. Koma mwamuna wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache wopita ku Harare sanapindule nako, pakuti njira yake inali ya pa Tete, kumene anadikirabe pagombe kwa zaka zina pafupifupi makumi anayi.

Mlatho wa pa Tete unatha mu 1973, pamene Apwitikizi anali pakalikiliki kumanga damu la Cahora Bassa. Anaukonza ndi injiniya wawo wotchuka Edgar Cardoso, ndipo ndi wolenjekeka pa zingwe zachitsulo, wautali mamita oposa 700. Pambuyo pa ufulu wa Mozambique unatchedwa dzina la Samora Machel. Aliyense amene anauona madzulo, nsanamira zake zitaima m'madzi otakasuka a Zambezi, adzavomereza kuti chitsulo nachonso chingathe kukondweretsa maso. Koma sipanapite zaka zambiri, nkhondo yapachiweniweni inasandutsa msewu wa Tete njira ya mantha, malole akuyenda mondondozana moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo anthu othawa nkhondo, amene m'Malawi monse anafika pafupifupi miliyoni imodzi mtendere wa 1992 usanadze, analowa m'Mwanza monga makolo awo ankalowera, wapansi, ana kumsana, kuwoloka timitsinje usiku pa miyala ndi pa zipika. M'zaka zapafupi tawonanso zazikulu: mlatho wa Kassuende unatsegulidwa kumunsi kwa Tete mu 2014 kuti upepukitse katundu wa mlatho wakale, ndipo kampani ya Vale inadutsitsa njanji yonyamula malasha a ku Moatize m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno kupita ku Nkaya ndi ku Nacala, yokhala ndi milatho yaitali ya konkire pamwamba pa zigwa zimene pansi pake amayi akuwolokabe atakwinya zitenje.

Sindinganene kuti woyenda pansi sanachitiridwe kanthu chilandirire ufulu mu 1964. M'masiku a Kamuzu, Sabata ya Achinyamata inkatulutsa ana asukulu ndi makolo awo kukakonza misewu ndi timilatho ta m'midzi. M'zaka za m'ma 1990 kunadza ntchito za chitukuko za MASAF, anthu akuwumba njerwa ndi kututa mchenga pamene boma likupereka simenti. Ndipo pambuyo pake thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lamanga milatho yambiri ya zipilala za miyala ndi matabwa pamwamba. Ina mwa iyo yatumikira mokhulupirika. Koma ina inamangidwa m'chilimwe ndi anthu osafunsa nkhalamba za pamalopo kuti madzi amalekeza pati, ina inapunguzidwa simenti, ndipo yambiri inasiyidwa yopanda mwini, matabwa akuwola limodzilimodzi kufikira mwana aphunzira kudumpha mipata popita kusukulu. Namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anayesa ntchito zonsezi m'chigawo cha kummwera, naulula poyera imene inali ndi maziko ndi imene inalibe. Mlatho wa m'mudzi ukapita, nkhani yake sifika pa wailesi. Koma mayi wapakati amachirira panjira, mwana wa Sitandade 8 amaphonya maphunziro milungu ingapo mayeso ali pafupi, ndipo mlimi amene manachesi ake atchukitsa dzina la Mwanza m'misika ya Blantyre ndi Lilongwe amagulitsa motaya kwa vendala yekhayo amene walimba mtima kuwoloka.

M'mizinda nkhaniyi yavala chovala china, pakuti kumeneko mtsinje woopsa ndiwo msewu wa magalimoto. Komabe ngakhale mu Lilongwe, likulu la dziko, anthu wamba anamanga okha maulalo a mitengo ndi matabwa pa mtsinje wa Lilongwe pakati pa misika ya Tsoka ndi Lizulu, wowoloka aliyense nalipira kandalama kwa mwini ulalo, ndipo makamu akhala akuwolokapo tsiku ndi tsiku, angakhale maulalowo amagwedera ndiponso chigumula chimawatenga, chifukwa ali pamalo penipeni pamene mapazi afuna kupita. Pamene milatho ina yodutsa pamwamba pa misewu m'mizinda ya mu Africa muno, yomangidwa ndi ndalama zambiri, imaima yopanda anthu: makwerero ake ndi otsetsereka kwa nkhalamba, wa njinga ya olumala sangakwereko, usiku kuli mdima ndi achifwamba, ndipo anthu amasankha kuthamanga pakati pa magalimoto pansi pake. Ngakhale kwa eni chuma zoterezi zimachitika. Mzinda wa London unatsegula mlatho wa oyenda pansi wa Millennium pa mtsinje wa Thames pa 10 Juni 2000, wopyapyala ndi wokongola, wodya mapaundi oposa mamiliyoni 18. Koma khamu litakwerapo unayamba kugwedezekera uku ndi uku, anthu poopa kugwa nayamba kuponda mofanana, kugwedezekako nkumakulirakulira, kotero kuti unatsekedwa patangopita masiku awiri, ndipo sunatsegulidwenso mpaka Febuluwale 2002, atawonjezera mapaundi ena mamiliyoni 5 kuulimbitsa. Akatswiri anawerengera bwino kulemera kwa anthu, koma sanalingalire mokwanira za mayendedwe awo.

Chifukwa chake, tsiku limene khonsolo ya Mwanza, mafumu ndi a Roads Authority adzakhale pabwalo limodzi kukambirana za mlatho wa oyenda pansi, kaya pamwamba pa M6 pamene malole olemera ochokera ku chipata cha malire adutsa pakati pa ogulitsa ndi ana asukulu, kaya pa mitsinje ya kumidzi ya ku Thambani, ndikadakonda kuti wojambula mapulani ayambe waima pamalopo kuyambira mbandakucha mpaka madzulo a tsiku la msika, aone kumene anthu awolokera kale ndi zimene asenza. Adzaona njinga ya kabaza, ndi ina yomangidwa madengu awiri a manachesi m'mbali, imene sikwera makwerero ndipo ifuna njira yotsetsereka pang'ono ndi yotakata koti awiri apambane. Adzaona mayi wa mtolo wa nkhuni pamutu amene denga lalifupi lingamgwetse. Adzaona kamwana kamene kangapyole pa mpata wa zitsulo zogwirira ngati zitalikirana. Chilamulo cha Mose chinalamula womanga nyumba kuika kampanda pa tsindwi lake, kuti mwazi wa wogwa usakhale pa iye, ndipo lamulo limenelo liyenera womanga mlatho koposa. Pakhale nyale za dzuwa zoikidwa patali ndi manja a akuba. Za maonekedwe, asatiuze kuti wosauka safuna chokongola, pakuti Mwanza ndi khomo la dziko, ndipo mlendo wochokera ku Harare kapena ku Johannesburg ayamba kuona Malawi pomwepo. Koma kukongolako kukhale kwa ntchito yoongoka ndi yolimba, kusakhale kwa zikwangwani za otsatsa malonda zotchinga maso kuti wowoloka asaoneke kwa anthu apansi.

Za ndalama ndizo zifuna kuunika kwa masana. Ambuye Yesu anafanizira za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi kuwerengera ngati ali nazo zokwanira kuimaliza. Ndipo pa mlatho kuwerengako kusalekere pa tsiku lodula riboni, koma kufike pa penti ya zaka zakutsogolo, mabawuti omasuka, ndi munthu wolembedwa dzina amene adzayendera maziko mvula yoyamba isanagwe. Mtengo wonse, dzina la kontilakita ndi tsiku lomaliza ntchito zilembedwe m'Chichewa pa bolodi pamalopo, ndipo komiti ya m'mudzi ipatsidwe mphamvu yowerenga matumba a simenti pamene akutsitsidwa m'lole, ndi yokana kusayina ngati chiwerengero chapelewera.