Kafumbata ndi mwambo wa chikuta kwa Kachindamoto

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mwambiwu umakumbutsa za kafumbata, nthenda imene inkalanda makanda mwakachetechete m'midzi ya ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, monganso m'madera ena a dziko lino.

Kale mayi ankachirira m'mudzi, m'manja mwa azamba. Mchombo ankaudula ndi kabango kapena kansungwi kakuthwa, ndipo ena ankapaka pabalapo phulusa kapena mankhwala azitsamba kuti liume msanga. Zikatero mayi ndi khanda ankabindikira m'chikuta kwa pafupifupi sabata imodzi, kufikira mchombo utagwa. Tsoka ilo, m'masiku omwe banja linkakonzekera kutulutsa mwana ndi mmene makanda ena ankalekera kuyamwa, nsagwada n'kuuma, timanja n'kufumbata, thupi n'kukungika ngati uta. Maliro akagwa, mlandu unkagwera bambo kuti wasempha mwana poyenda ndi mkazi wina, apo ayi nkhalamba ina inkanenedwa ufiti.

Koma mwini mlandu anali m'dothi. Mu 1884 Arthur Nicolaier wa ku Germany anaonetsa kuti kachirombo ka kafumbata kamakhala m'nthaka, ndipo mu 1889 Kitasato Shibasaburo wa ku Japan anatha kukalera pakokha ku Berlin. Kachiromboka, kotchedwa Clostridium tetani, kali m'gulu la mabakiteriya amene saswana pomwe pali mpweya wa okosijeni. Njere zake zimagona zaka zambiri m'dothi ndi m'ndowe za ziweto. Zikalowa pamchombo wophimbidwa, kapena m'bala lakuya la munga, msomali kapena khasu, momwe mpweya sufika, zimadzuka ndi kutulutsa ululu umene umagwira mitsempha mpaka minofu kuuma. Choncho pamene ansembe a White Fathers ankatsegula mishoni ya Mua mu 1902, gwero la nthendayi linali litadziwika kale kutsidya kwa nyanja, pomwe kumudzi abale ankalozanabe zala.

Katemera anapezeka m'zaka za m'ma 1920, koma anachedwa kufika kwa anthu wamba. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 1988 kafumbata anapha makanda pafupifupi 787,000. M'Malawi ndondomeko ya katemera ya dziko lonse inayamba mu 1979. Mayi woyembekezera akabayitsa, chitetezo chake chimafikanso kwa mwana ali m'mimba. Mu 2002 dziko lino linavomerezedwa kuti lagonjetsa kafumbata wa makanda, kutanthauza kuti m'boma lililonse odwala sankafika mmodzi pa ana 1,000 obadwa amoyo.

Chikuta pachokha chinalibe cholakwa, pakuti chinkapumitsa mayi ndi kutchinjiriza khanda ku manja ambiri. Cholakwika chinali chodulira chosaphika ndi zopaka pabala. Ndipo popeza dothi silingatemeredwe, mdaniyu akadali m'khola ndi m'munda, kudikira mudzi umene udzaiwale njira ya ku sikelo.