Jesesi Mungoshi ndi Mlandu wa Chuma cha Masiye

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, Mayi Jesesi Mungoshi adatchuka ndi filimu ya Neria, yomwe nkhani yake adalemba Tsitsi Dangarembga. Iwo adasewera ngati mkazi wamasiye wolandidwa chuma ndi mlamu wake, koma mkaziyo adakapambana mlandu kukhoti. Nyimbo zake adaimba Oliver Mtukudzi wa ku Highfield. Nkhanza zoterezi sizidali zachilendo kwa amayi a ku Mbare ndi Mufakose, komwe kulinso zidzukulu za Amalawi. Mu 1997 dziko la Zimbabwe lidasintha lamulo la chuma cha masiye pofuna kuteteza mkazi wotsala. Malawi adatero mu 2011. Mayi Mungoshi sadalekere pa zisudzo: adakhazikitsa kampani ya JM Productions, nakhala m'gulu la okonza filimu yofotokoza moyo wa Samora Machel.