Mtsuko wa agogo ndi mbiri ya dothi lathu

Abale anga a kuno ku Likhubula, ndi inu a ku Limbe, ku Lilongwe mpaka ku Joni, lero za nandolo ndi feteleza zidikire kaye. Mtsuko wa malemu agogo wasweka sabata yathayi. Unapulumuka Freddy mu Malichi 2023, koma mbuzi ndi imene yaugwetsa pakhonde. Mayi a kunyumba akuti tingogula chigubu basi. Ine ndazungulira midzi itatu kufuna woumba, ndapeza agogo amodzi okha, manja ayamba kale kunjenjemera, ndipo palibe mwana amene akuphunzira kwa iwo.

Ntchito imene ikutithawayi si ya dzulo. Akatswiri ofukula zakale amadziwa msinkhu wa mudzi poyang'ana mapale. Mapale akale kwambiri a anthu osula zitsulo kuno kummwera amawatcha a Nkope, chifukwa anayamba kuwapeza ku Nkope ku Mangochi, ndipo ali ndi zaka zoposa 1,500. Ena ndi a Mawudzu, amene amawagwirizanitsa ndi Amaravi. Bambo K. R. Robinson anafufuza kumpoto ndi kummawa kwa phiri lathu lomweli, zimene anapeza nkuzisindikiza mu 1977. Ku Mankhamba ku Dedza, likulu lakale la a Kalonga, a Yusuf Juwayeyi anafukula mapale ochuluka a miphika yakwathu pamodzi ndi mikanda ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Ndiye phale limene khasu lanu limatukula m'munda musamalipepuse. Nyumba ya udzu imawola, nsalu imatha, koma dothi lootcha limatsala.

Ndili mwana ndinkawanyamulira agogo mtapo kuchokera kudambo. Ankausinja, nkuchotsa timiyala tonse, nkusakaniza ndi mapale akale osinja kuti mphika usaphulike pamoto. Analibe makina. Ankakweza mphika ndi manja, akupala ndi chitsononkho, nkuusalaza ndi kamwala ka kumtsinje. Ukauma pamthunzi masiku angapo, ankaunjika nkhuni ndi makungwa pabwalo madzulo mphepo itadekha, nkuotcha. Chilichonse chinali ndi dzina ndi ntchito yake: mphika wa ndiwo, nkhali ya thobwa, mbiya ya mowa, mtsuko wa madzi. Ukasweka, phale lake tinkakazingira chimanga. Ndalama sinkafunika kwenikweni. Wofuna mphika ankaudzaza mapira kapena chimanga, mtengo wake unali womwewo.

Kenako kunabwera sefuliya, ndowa ndi zigubu. Tisanamizane, nzopepuka ndipo sizisweka msanga. Mtsikana wotunga madzi kumjigo sangasankhe mtsuko. Nkhuni zootchera nazo zinayamba kuvuta. Amayi anasiya mmodzimmodzi, ana osaona poti nkuphunzirira.

Chondidabwitsa nchakuti pamene ife tinkataya dothi, ena ankalitola. Dedza Pottery inayamba mu 1987, oyambitsa ake ndi a Christopher ndi a Charity Stevens, ndipo pambuyo pake anatsegula ina ku Nkhotakota. Kumeneko amaumba makapu, mbale ndi matailosi, kujambulapo nyama ndi midzi, kupaka mankhwala onyezimira, nkuotcha mu uvuni wa moto woposa madigiri 1,200. Moto wa pabwalo wa agogo sunkafika ngakhale 1,000. Nchifukwa chake kapu ya ku Dedza ndi yolimba ndipo siidontha. Koma mvetsani apa: mtsuko wathu umaziziritsa madzi chifukwa cha kufooka komweko. Uli ndi timabowo tosaoneka, madzi amatuluka ngati thukuta, akamauma nkumachotsa kutentha. Mu Okutobala, kopanda magetsi, filiji yathu inali imeneyo.

Ku Nigeria kunali mayi wina, Ladi Kwali, amene anaphunzira kuumba kumudzi ndi manja monga agogo anga. Mu 1954 analowa pa malo ophunzitsira zoumba ku Abuja, anakaonetsa luso lake mpaka ku London, ndipo lero chithunzi chake chili pa ndalama ya 20 naira. Woumba mbiya pa ndalama, eti! Kuno timawaona ngati osauka osowa chochita.

Alendo okwera phiri amadutsa pa Likhubula pano popita ku Chambe ndi ku Dziwe la Nkhalamba. Zaka zonsezi takhala tikuwagulitsa timabokosi ta mkungudza, mtengo umene watsala pang'ono kutha m'phirimu. Chikhala anapeza timiphika taukhondo pamsewu, kodi sakanagula? Dothi lilipo kudambo, ndipo mapesi ndi zitsononkho zikhoza kuthandiza pootcha.

Ndapangana ndi agogo aja kuti mvula isanagwe andiumbire mitsuko iwiri, ine ndikatape mtapo ndi kusaka zootchera. Mwana wanga wamkazi wavomera kukakhala nawo Loweruka lililonse. Amene muli ndi mwana wofuna kuphunzira, mtumizeni apite limodzi. Inu a m'tauni, amene mukufuna mtsuko nenani pansipa, mupereke ndalama yake pasadakhale kuti agogowo aone kuti manja awo akufunikabe. Ndipo amene mukukumbukira dambo limene amayi anu ankatapa mtapo, tchulani dzina lake, tilembe tisanaiwale.