Mayi Zukas ndi nyumba yosungira luso lathu

Akazi a dziko lino la Zambia akhala amisiri kuyambira kalekale. Ndiwo ankaumba mbiya, kuzira makoma ndi dothi lamitundumitundu ndi kutunga mikanda. Ngakhale lero ku Bauleni mu Lusaka, mukalowa mumsika mupeza mayi ali pa makina osokera, akusandutsa zidutswa za chitenje kukhala chikwama. Chimene chinkasowa ndi munthu wolemba dzina la mmisiri, kugula ntchito yake pamtengo woyenera ndi kuisunga kuti adzukulu adzaione. Pa ntchito imeneyi ndi pamene tiyenera kutchula Mayi Cynthia Zukas.

Mayiwa anabadwa mu 1931 ku Cape Town, ndipo anaphunzira zojambulajambula pa yunivesite ya mumzindawo. Kenako anapita ku London, kumene anakumana ndi a Simon Zukas, amene atsamunda anawapitikitsa kuchoka ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero) mu 1952 chifukwa chomenyera ufulu limodzi ndi anthu akuda. Anakwatirana mu 1954, ndipo Zambia italandira ufulu mu 1964, banjali linabwera kudzakhazikika mu Lusaka.

Masiku amenewo akazi odziwika pa zojambula anali owerengeka, ndipo ambiri anali azungu. Panali Mayi Gabriel Ellison, amene anajambula mbendera yathu, ndi Mayi Bente Lorenz a ku Denmark, katswiri woumba mbale ndi miphika. Mtsikana wa mukomboni akajambula pakope, ankauzidwa kuti asiye zachibwana akatunge madzi. Mayi Zukas anayang'ana amayi a m'makomboni omwewo, ogulitsa pamsika ndi oyenda ndi ana kumbuyo, nawaika m'zithunzi zawo. Ankakonda zithunzi zodinda: kukanda chithunzi pachitsulo, kupaka inki, kupukuta mosamala, kenako kupanikiza pepala lonyowa pamakina kuti mizere yonse ituluke. Luso limeneli sanalibise, ankagwira ntchito limodzi ndi ojambula anzawo pa Evelyn Hone College.

Analinso mmodzi mwa amene ankayendetsa Mpapa Gallery, kuti ojambula akhale ndi pogulitsira. Koma apa panaoneka vuto lina. Ogula ambiri anali alendo ndi akazembe, ndipo akamabwerera kwawo zithunzi zabwino zinkapita nawo. Ndiye mu 1986 Mayi Zukas, pamodzi ndi a Henry Tayali ndi Mayi Lorenz, anayambitsa bungwe la Lechwe Trust. Cholinga chinali kugula ntchito zabwino kuti zikhale m'dziko muno, ndiponso kulipirira maphunziro a ojambula achinyamata. A Tayali anamwalira chaka chotsatira, mu 1987, koma ntchito sinaime.

Zithunzi ndi zosema zinachuluka mpaka mazanamazana, koma kwa zaka zoposa 30 zinalibe nyumba yakeyake. Kudekha kumeneku n'kumene ine ndimakulemekeza kwambiri. Mu 2012 analandira mendulo ya MBE kuchokera kwa Mfumukazi ya ku Britain, koma mphoto yeniyeni inafika mu 2018, pamene Lechwe Trust Art Gallery inatsegulidwa pa Lagos Road ku Rhodes Park.

Mayi Zukas ankathandiza amuna ndi akazi omwe, komabe akazi ndiwo anapindula mwapadera, chifukwa anaona mkazi mnzawo akujambula, akutsogolera bungwe ndi kumvedwa akalankhula. M'badwo wotsatira unapitiriza. Mayi Agness Yombwe, amene anabadwa mu 1966 naphunzira pa Evelyn Hone, anatsegula nyumba ya luso ya Wayi Wayi ku Livingstone pamodzi ndi amuna awo a Lawrence Yombwe, ndipo amaphunzitsa ana ndi amayi. Mu 2016 Mayi Mulenga Kapwepwe ndi Mayi Samba Yonga anayambitsa Women's History Museum of Zambia kuti mbiri ya akazi isatayike.

Kuchokera ku Bauleni kupita ku Rhodes Park ndi ulendo wa minibasi, koma atsikana athu ambiri sanapondeko. Amayi ndi aphunzitsi, tiyeni tiwatenge akaone zithunzi zimene zinasungidwa chifukwa cha iwo. Ndipo mwana wamkazi akapempha pensulo ndi pepala, timugulire, timuuzenso kuti alembe dzina lake pansi pa chithunzicho.