Gorodi: msewu wa miyala ndi maenje a malasha

Ife a kuno ku Nkhotakota tinazolowera kuona malole odzaza malasha akudutsa pa msewu wa M5 kulowera kummwera. Tsiku lina mtsikana wa Fomu 3 anandifunsa m'kalasi kuti, "Aphunzitsi, malasha amenewa anayamba liti kukumbidwa m'Malawi muno, nanga n'chifukwa chiyani?" Ndinangoyankha kuti amachokera ku Rumphi, kenaka ndinasintha nkhani. Zinandichititsa manyazi. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho tchuthi chitafika ndinanyengerera alamu anga, omwe ali ndi Land Cruiser yakale, kuti tikadzionere tokha.

Tinanyamuka m'bandakucha. Tinadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa n'kukaima pa Bandawe, chifukwa mbiri ya msewu womwe tinkapitako imadutsa pamenepo. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875 ku Cape Maclear, ndipo mu 1881 inasamukira ku Bandawe. Malo onse awiriwa ali m'mbali mwa nyanja, ndipo malungo anapha amishoni ambiri. Manda awo alipobe. N'chifukwa chake mu 1894 Dr Robert Laws anasankha Khondowe, pamwamba pa mapiri, pomwe pali mphepo yozizira. Koma katundu yense ankabwera pa sitima mpaka ku Florence Bay, komwe lero timati Chitimba. Kuti mapaipi, makina ndi mabuku zifike pamwambapo, panafunika msewu. Msewuwo ndi Gorodi, ndipo unatha kumangidwa cha mu 1905.

Titadutsa Nkhata Bay ndi Mzuzu, tinatsika chitunda cha Chiweta n'kugona pa Chitimba. M'mawa mwake alamu anatuluka, n'kumanga mahabu a matayala akutsogolo, kuphwetsako pang'ono mpweya m'matayala onse, kenaka n'kuika giya ya mphamvu. Ndinawafunsa kuti, "Alamu, zonsezi n'za chiyani pa mtunda wa makilomita 15 okha?" Iwo anangoseka nati, "Aphunzitsi, inu dziwani choko. Apa ndi kalasi yanga."

Sananame. Msewuwu uli ndi makona 20 okhota ngati mbedza, ndipo umakwera mamita pafupifupi 900 kuchoka pa nyanja. Malo ambiri ndi miyala yokhayokha, ina yosongoka, ina yogubuduka. Dalaivala wanzeru sathamanga. Amaika tayala pamwamba pa mwala waukulu kuti mwalawo usagunde pansi pa galimoto, amaliza hutala asanalowe pa kona, ndipo potsika amadalira giya yaing'ono chifukwa mabuleki akatentha sagwira. Pa kona ina galimoto inakana kukhota kamodzi, ndiye ine ndinatsika kukaika mwala kumbuyo kwa tayala pamene alamu ankabwerera pang'ono. Kumbuyo kwangako kunali phompho, ndipo nyanja inkaoneka pansi ngati nsalu yoyalidwa.

Nditanyamula mwala umenewo m'pamene maganizo anandifikira. Mwala umodzi wokha unandipweteka msana. Nanga anthu amene anasema phiri lonseli ndi makasu, mapiki ndi mitengo yotembenuzira miyala? M'mabuku athu timaphunzitsa kuti Laws anamanga Stone House mu 1903, anabweretsa madzi a m'mipope ndi magetsi. Zoona, iye anali ndi masomphenya. Koma manja amene anagwira ntchitoyo anali a Atumbuka, Aphoka, Atonga ndi ena, ndipo pa mayeso sitifunsa dzina la mmodzi yemwe.

Titapuma pafupi ndi mathithi a Manchewe, tinapitirira Livingstonia kulowera cha ku Kaziwiziwi, n'kupatukira m'kanjira ka miyala komwe udzu unali utamera pakati. Kumeneko tinakumana ndi bambo wina wachikulire yemwe anati anagwirapo ntchito mu mgodi ali mnyamata. Anatitsogolera wapansi mpaka pa dzenje lina lolowa m'mbali mwa phiri. Pakhomo pake panali mitengo yowola, pansi pali madzi akuda, ndipo mpweya wotuluka mkatimo unali wozizira. Anatiletsa kulowa. Anati denga la mgodi wosiyidwa limagwa osachenjeza, komanso mkati mumakhala mpweya woipa.

Tsono yankho la funso la mwana uja ndi ili. Malasha a kuno ali m'miyala yomwe akatswiri amaitcha Karoo, yomwe inapangika zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo kuchokera ku zomera za m'madambo. Atsamunda ankadziwa kuti malashawa alipo, koma anawasiya chifukwa kunali kutali ndi njanji komanso ndi mafakitale a ku Blantyre. Kunali kotsika mtengo kugula malasha kunja, makamaka ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Zinthu zinasintha ndi nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo. Pofika 1984 njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala zinali zitasokonekera, ndipo dziko lathu linapanikizika. Boma la Dr Kamuzu Banda, kudzera mu kampani yake ya MIDCOR, linatsegula mgodi wa Kaziwiziwi mu 1985 ndi wa Mchenga, pafupi ndi Chiweta, mu 1987. Choncho tinganene kuti mfuti zolira ku Mozambique ndi zimene zinatsegula maenje m'mapiri a Rumphi. Pambuyo pake migodiyi inapita m'manja mwa makampani omwe si a boma.

Koma migodi ya malasha si yoyamba m'derali. Kalekale azungu asanabwere, Aphoka ankakumba miyala ya chitsulo m'mapiri omwewa, n'kuisungunula m'ng'anjo zadothi, ndipo makasu awo ankagulitsidwa kutali. Ntchito imeneyo inazilala pamene makasu a m'sitolo anachuluka. Onani tsono: ng'anjo, msewu, mgodi. Chilichonse chinatukuka pamene chinkafunika, ndipo kufunikako kutachepa, eni dera anatsala ndi mabwinja.

Nkhani ya maenje osiyidwa si yamasewera. Kumpoto kwa Rumphi, m'boma la Karonga, mgodi wa malasha wa ku Mwabulambo unatsekedwa mu 2015, ndipo mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linalemba za maenje omwe anasiyidwa osakwiriridwa pafupi ndi midzi. Masiku ano tikumva zambiri zoti migodi ndiyo idzatukule Malawi. Mwina n'zoona. Koma ana amene ndikuwaphunzitsa lero ndi amene mawa adzakhale mafumu, makhansala ndi aphungu osainira mapangano. Ngati sadziwa mmene migodi yakale inathera, adzafunsa bwanji kuti dzenje lidzakwiriridwa ndi yani ntchito ikadzatha?

Sukulu itatsegulidwa ndinalowa mu Fomu 3 ndi kachidutswa ka malasha m'thumba. Ndinakapereka kwa mtsikana uja n'kuyankha funso lake mokwanira. Kenaka ndinapereka ntchito yokachitira kunyumba: aliyense akafunse agogo ake dzina la munthu mmodzi wa pamudzi pawo amene anakumbapo msewu, kapena amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ndipo alembe zimene munthuyo anaona. Ana 40 anabweretsa mayina oposa 40, ambiri mwa iwo sanalembedwepo pena paliponse. Makope amenewo ndawasunga bwino.

Inu amene mungafune kukwera Gorodi, pitani nthawi ya chilimwe, ndi galimoto yoyenera komanso dalaivala wodekha. Mukafika pa kona yothina, tsikani mugwire mwala umodzi.