Kuchokera ku Chipululu cha Egypt Kufika pa Kachebere

1. Anthony

Anthony anabadwa ku Egypt, kuno ku Africa, cha m'ma 251. Makolo ake anali ndi minda yambiri. Iwo atamwalira, Anthony anagawa mindayo ndipo ndalama anapatsa osauka. Kenaka anapita ku chipululu kukakhala yekha ndi kumapemphera. Chakudya chake chinali buledi, mchere ndi madzi.

Munthu wokhala moyo wotere amatchedwa mmonke. Mmonke sakwatira, alibe chuma chakechake. Anthu anamulondola Anthony mpaka komweko kukafunsa nzeru. Anamwalira mu 356, atapitirira zaka 100.

2. Msilikali wanjala

Pachomius nayenso anali wa ku Egypt, koma sanabadwe Mkhristu. Ali mnyamata anagwidwa mokakamiza kuti akhale msilikali wa Aroma. Iye ndi anzake anatsekeredwa, njala itawapweteka. Panabwera anthu osawadziwa, atanyamula chakudya ndi madzi. Pachomius anafunsa kuti anthuwo ndi ndani. Anamuuza kuti ndi Akhristu, ndipo amachitira chifundo aliyense, ngakhale mlendo. Atatuluka usilikali anabatizidwa.

Iye anaona kuti kukhala wekha m'chipululu si aliyense angakukwanitse. Choncho cha m'ma 320 anamanga nyumba ya amonke pa Tabennisi, m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Amonke ankadyera pamodzi, kupempherera pamodzi, kulima ndi kuluka mphasa ndi madengu zogulitsa. Mlongo wake, Mary, anatsogolera nyumba ya amayi.

Pachomius analemba malamulo a pa nyumbapo. Limodzi la malamulowo likutikhudza ife a sukulu ya kwacha. Munthu akabwera wosadziwa kuwerenga, ankapita kwa mphunzitsi katatu pa tsiku kukaphunzira zilembo. Ngakhale wokana ankaumirizidwa. Ambiri anali alimi akuluakulu, a manja okhakhala ndi khasu. Panalibe wonena kuti, "Ine ndakula, mutu wanga unauma."

3. Ku Ulaya

Moyo wa amonke unawoloka nyanja. Ku Italy, Benedict anamanga nyumba pa phiri la Monte Cassino cha m'ma 529. Anagawa tsiku patatu: kupemphera, kugwira ntchito ndi kuwerenga. Makina osindikizira kunalibe, ndiye amonke ankakopera mabuku pamanja. Mabuku ambiri akale anapulumuka motero.

Zaka zambirimbiri zinapita. Nyumba zina zinalemera kwambiri mpaka kuiwala osauka.

4. Anyamata a ku Uganda

Mu 1868 Charles Lavigerie anayambitsa chipani cha ansembe ku Algeria. Ankavala mikanjo yoyera, ndipo anthu anawatcha White Fathers. Iwo si amonke, chifukwa ntchito yawo ndi kuyenda ndi kuphunzitsa. Ena anafika ku Uganda mu 1879.

Kumeneko mfumu Mwanga inakwiya ndi anyamata a ku bwalo lake amene analowa Chikhristu. Pa 3 June 1886, Charles Lwanga ndi anzake anatenthedwa amoyo pa Namugongo. Wamng'ono pa onse anali Kizito, wa zaka pafupifupi 14. Ophedwa anali Akatolika ndi Aangilikani omwe, moto sunasankhe mpingo. Mu 1964 Papa Paul VI analengeza kuti Akatolika 22 amene anaphedwa nthawi imeneyo ndi oyera. Mukamva mwana wa m'mudzi mwanu akutchedwa Kizito, dzinalo linachokera kumeneko.

5. Kachebere

A White Fathers anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma anachokako mu 1891. Anabweranso mu 1902 ndi kutsegula mishoni ya Mua. Mu 1903 anafika pa Kachebere, m'boma lathu lino la Mchinji, pafupi ndi malire a Zambia. Nthawi ya atsamunda boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning.

Mu 1939 pa Kachebere panatsegulidwa seminale yaikulu. Seminale ndi sukulu ya anyamata ofuna unsembe. Ankachokera ku Malawi ndi ku Zambia komwe, n'kumadya nsima ya mphika umodzi. Kwa ife a ku Kapondo zimenezi si zachilendo, poti ambiri tili ndi abale tsidya lina la malire.

Mishoni ya Guilleme inatenga dzina la Episkopi Mathurin Guillemé. Chipatala cha pa Kapiri chili ndi dzina la phiri la Carmel, la ku Israel, kumene chipani cha Akarimeli chinayambira. Ku Lilongwe kuli nyumba ya asisiteri a Poor Clares, amene satulukatuluka, ndipo popemphera amaimba ndi ng'oma.

6. Kalilombe ndi miphakati

Patrick Kalilombe anabadwira ku Mua mu 1933. Anaphunzira pa Kachebere, pambuyo pake anadzaphunzitsa pomwepo. Mu 1972 anakhala episkopi wa Lilongwe, dayosizi imene Mchinji ilimo.

Iye anaona kuti ansembe ndi ochepa, midzi ndi yambiri. Kuyambira 1973 mpaka 1975 anachititsa msonkhano waukulu wa dayosizi. Anagwirizana kuti Akhristu oyandikana azikumana okha m'midzi, kuwerenga Baibulo, kuyendera odwala ndi kuthandizana pa maliro. Timagulu timeneti ndi timene timati miphakati.

Boma la Kamuzu silinakondwe. Linkaopa anthu okumana okha, osankha atsogoleri awo, ofunsa mafunso. Mu 1976 Kalilombe anakakamizidwa kuchoka m'dziko, ndipo anakhala kunja zaka zambiri. Anabwerera boma litasintha, n'kukaphunzitsa pa Chancellor College ku Zomba. Anamwalira mu 2012. Miphakati ilipobe, ndipo uliwonse umafuna mlembi, msungichuma ndi munthu wowerenga mawu a tsikulo.